Buluku langa limathera pa Mponela

Minibasi ikangoima pa Mponela, ine sindithamangira wakabaza. Ndimayamba ndatsegula chikwama, n'kusolola chitenje chimene chimakhala pansi penipeni, kunsi kwa chaja ya foni ndi botolo la madzi. Ndimachikutumula kawiri, n'kuchikulunga m'chiuno pamwamba pa jinzi, nsonga yake n'kuitsomeka kumanzere. Ndachita zimenezi zaka zoposa khumi moti manja amangodziwa okha, maso ali kwina. Kuchokera kwathu ku Area 25 kufika pamenepa, ulendo wa ola limodzi pa msewu wa M1, ndimakhala mayi wovala buluku ndipo palibe amene amandicheukira. Kuyambira pa Mponela kulowera chakummawa, njira ya ku Ntchisi kumene kuli apongozi anga, ndine mtengwa. Mtengwa safika pakhomo miyendo ikuoneka iwiri ngati sizasi.

Chaka chatha pa holide ya mu Ogasiti ndinapita ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 12. Atandiona ndikumanga, anafunsa mokweza, amayi ogulitsa mbatata akumva: "Amayi, kodi pa Mponela pano pali chikwangwani choletsa mabuluku?" Ndinamuyankha mmene mayi anga akanandiyankhira, kuti atseke pakamwa, atenge chake amange. Koma funsolo linandikhala pamtima ulendo wonse wa pa njinga yamoto. Chikwangwani palibe. Lamulo palibe. Apongozi anga sanandiuzepo ngakhale tsiku limodzi kuti ndisavale chakuti. Komabe malire alipo, ndipo ndimawadziwa kuposa malire a puloti yathu.

Ndinkadzinamiza kuti ndimavala zimene mtima wanga wakonda. Nditakhala pansi n'kuwerenga kumene ndakhalako, Blantyre, Ngabu ndi Lilongwe, ndinapeza kuti malo alionse anandivula china n'kundiveka china, osandifunsa n'komwe.

Ndinakulira ku Ndirande, m'munsi mwa phiri, ndipo chovala choyamba chimene ndimachikumbukira ndi juzi. Amene sanakhaleko ku Blantyre, Thyolo kapena Mulanje mwezi wa Juni ndi Julayi sachidziwa chiperoni, kamvula kowaza kaja kobwera ndi nkhungu ndi mphepo kuchokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Kamatha masiku atatu kapena anayi kasanakate, zochapa osauma, makoma a nyumba akuchita thukuta. Mwana wa ku Kabula amakula akudziwa kusanjikiza zovala: malaya, juzi, jekete pamwamba. Mpaka lero ndikaona munthu jekete likumukhala bwino, sikafu atapinda mwaluso, ndimaganiza kuti anakulira kozizira. Jekete limafuna kuzolowera.

Bambo anga anali kalaliki m'tauni. Malipiro awo ankatha mwezi usanafike pa 20, koma sanatulukepo m'nyumba opanda tayi. Ntchito yanga Lamlungu madzulo inali kukoleza makala a simbi, simbi ija ya katambala pamwamba. Unkaika makala, n'kuikupiza panja mpaka phulusa lichoke, n'kuiyesa kaye pa chiguduli, chifukwa kakhala kamodzi kakagwera pa shati yoyera, kabowo kake kanali mlandu wa sabata yathunthu. Mzere wa buluku unkayenera kukhala umodzi, wakuthwa. Ikatuluka iwiri unkayambiranso. Mmawa ankatsika wapansi limodzi ndi khamu la anthu, anzawo n'kukhotera ku mafakitale a ku Makata, iwo n'kulunjika m'tauni, kansanza kopukutira nsapato kali m'thumba. Akafika cha pa Clock Tower ankaima n'kupukuta, kuti akalowe mu Victoria Avenue nsapato zikuwala. Blantyre inali tauni ya mabanki, masitolo ndi maofesi a makampani, ndipo ngakhale mesenjala ankafuna kuoneka ngati bwana. Kuthinana kwa tauniyo kunkathandizira. Unkayenda wapansi pa tala, aliyense akukuona, ndiye kutchena kunali ndi oonerera.

Chitenje cha mayi anga chinkachokera pafupi. Malume anga ankagwira ntchito ku David Whitehead and Sons, fakitale ya nsalu imene tinkaiona tikakwera phiri, ndipo pa Khirisimasi ankabweretsera mlongo wawo nsalu yatsopano yoti gwa, yonunkhira utoto. Pamene kampaniyo inkagulitsidwa kwa a Mapeto mu 2003, msika wa Ndirande unali utadzaza kale kaunjika, ndipo ife atsikana tinali titasiya kalekale kupita kwa telala kukasoketsa diresi la Khirisimasi.

Mayi anga sanavalepo buluku, ndipo sindikhulupirira kuti adzavala. Si iwo okha. Lamulo la mu 1973, lotchedwa Decency in Dress Act, linkaletsa akazi kuvala mabuluku ndi masiketi osaphimba maondo pagulu. Amuna nawo sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Kamuzu mwini ankaoneka mu suti, chipewa cha wilisoni kumutu, litchowa m'manja, mbumba ikumuvinira itavala nsalu yokhala ndi nkhope yake. Mayi anga anavinako ku sitediyamu, ndipo amati nsalu imeneyo sunkaiyesa dala kuikhalira molakwika. Lamulolo linathetsedwa mu 1993, chaka cha riferendamu, ine ndili mtsikana wa ku pulayimale. Koma Nyumba ya Malamulo itathetsa, Ndirande sinathetse. Mchemwali wanga wamkulu, mwana wa azakhali, ankanyamula buluku mu jumbo n'kukavalira m'chimbudzi cha kuntchito kwake m'tauni, madzulo n'kuvulanso. Ankati akangodutsa nalo pamsika, mluzu umayambira kwa ogulitsa makala mpaka kwa ogulitsa nsomba. Tsono malire a buluku lake anali pa Clock Tower, pomwe paja bambo anga ankapukutira nsapato.

Ntchito yanga yoyamba, mu 2006, inandiponya ku Ngabu m'boma la Chikwawa. Ndinanyamula sutikesi ya mtsikana wa ku Blantyre: majuzi, majekete awiri, masitonkeni, nsapato za gogoda. Titangotsika mapiri aja n'kufika pa Thabwa, mphepo yolowa pawindo inasanduka ngati ya mu uvuni. Mu Okutobala kumeneko kutentha kumapitirira madigiri 40, anthu amagona panja pamphasa, ndipo bulauzi ya nayiloni imamata pamsana usanamalize kutseka chitseko. Sabata yoyamba ndinalimbikira jekete poopa kuoneka wosalemekeza ntchito. Mayi wina amene ankasesa mu ofesimo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achemwali, kuno sitivala za ku Blantyre. Mufa." Ndinaphunzira nsalu ya thonje, diresi lotaya, patapata, ndi ambulera ya dzuwa. Gogoda anangouma m'katoni mpaka chikopa kusweka. Ndinaonanso chimene sindinachionepo ku Ndirande: amayi akuluakulu akupalasa njinga, mwana kumbuyo, thumba la chimanga pakaliyala, chitenje atachimanga mwa mtundu wina kuti chisakodwe mu tcheni. Dera lachidikha linawapatsa njinga, njingayo n'kuwaphunzitsa kamangidwe.

Ku Ngabu komweko ndi kumene ndinazindikira kuti kaunjika amadziwa mapu. Wogulitsa wina pamsika anali ndi mulu wa majekete aubweya amene anamupeza m'belo losakaniza. Ndinamufunsa mwachipongwe ngati alipo amene amagula zimenezo kuchigwa. Anati akudikira mlamu wake adzawatenge, akawagulitse ku Bvumbwe kumene kumazizira, iyeyo adzamubweretsere madiresi opepuka. Jekete losokedwa ku Asia, lovalidwa ku Ulaya, linali litayenda dziko lonse lapansi n'kudzakanika pa Ngabu.

Ku Lilongwe ndinafika mu 2009, ndipo mzindawu unandilanda zoyera. Ndinali nditagula nsapato zoyera zansalu, zokongola, ndi malipiro anga omaliza. Zinakhala zoyera masiku atatu. Lilongwe anamangidwa momwazikana, ma Area ali patalipatali, chikhalireni likulu mu 1975 likuchoka ku Zomba. Msewu wa tala umakusiya pa siteji, kwinako n'kwako. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa kuli fumbi lofiira lija lolowa mpaka m'makutu, ndipo kamvuluvulu amakupeza utangotuluka m'bafa. Mvula ikabwera fumbi lomwelo ndi matope omata. Ndinachapa nsapatozo ndi sopo, ndi jiki, ndi mankhwala otsukira mano amene mnzanga anandiuza, koma zinakhazikika pa mtundu wa tiyi wamkaka.

Ndiye ndinayamba kuyang'ana anthu kumapazi. Amayi ambiri apantchito mu Lilongwe ali ndi nsapato ziwiri patsiku. Za panjira ndi patapata kapena zapulasitiki zotsuka ndi madzi, za mu ofesi zimakhala m'chikwama kapena zimagona kunsi kwa desiki. Mutasuzumira pansi pa madesiki a ku Capital Hill mungatsegule sitolo. M'mphepete mwa buluku kapena siketi mumanena zambiri kuposa chiphaso: wofiira m'munsi wabwera pa minibasi, woyera mpaka pansi watuluka m'galimoto. Zoyera mu Lilongwe ndi mtundu wa anthu a ku Area 10, 43 ndi 47, amene phazi lawo limachoka pa matailosi n'kuponda m'galimoto. Enafe tinazolowera zakhaki, zabulauni ndi zitenje zamaluwa ambiri zobisa fumbi, kenako n'kumanena kuti ndiyo mitundu imene timaikonda. Ine ndinanenapo zimenezo kangapo, ndikukhulupirira ndithu.

Pali nyengo imodzi imene Lilongwe amasintha maonekedwe. Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo cha mu Epulo, alimi a ku Dowa, Kasungu ndi Mchinji amatulukira m'masitolo a ku Area 2. Mumamudziwa mlimi amene wagulitsa bwino: suti yatsopano, kachikwangwani ka pamkono sanachotse, wailesi m'khwapa. A m'tauni amaseka. Ine ndinasiya kuseka nditakwatiwa ndi mwana wa mlimi wa fodya n'kumva kuti suti imeneyo ndi ya chaka chonse: ya ku tchalitchi, ya ku bwalo la amfumu, ya pa chinkhoswe, ndipo mwina ndi imene adzagone nayo m'bokosi. Kachikwangwani kaja kamasiyidwa dala, kuti kumudzi adziwe kuti si ya pa kaunjika.

Komatu kaunjika ndiye watisunga tonsefe. Amene sanafikepo pa msika wa Tsoka mmamawa, tsiku lotsegula belo, apiteko. Umatsika m'mphepete mwa mtsinje wa Lilongwe, pafupi ndi timilatho tamitengo tija towolokera molipira. Belo limabwera lothinitsidwa ngati mwala, ambiri a makilogalamu 45, lomangidwa ndi malamba. Mwini wake sadziwa zimene zili mkati. Amadziwa zolembedwa panja zokha, kuti ndi madiresi kapena majinzi, enawo ndi mwayi. Amadula malamba ndi mpeni, belo n'kupuma, n'kufufuma, fungo lake lija lamankhwala n'kutuluka. Amayi timakhala titazungulira kale, zikwama tazipanira kutsogolo. "Osakoka, amayi! Osakoka!" Koma timakoka. Ndinalimbanapo ndi mayi wina, iye wagwira mkono umodzi wa bulauzi ine winawo, tonse tikumwetulira mwaulemu, wina osataya.

Oyamba kusankha si ife ayi. Ndi anyamata ndi atsikana a mashopu aja a mahang'ala, amene amagwirizana ndi mwini belo usiku wake. Amatola zabwino zenizeni, kukachapa, kusita, kupachika, kujambula n'kuika pa WhatsApp, mtengo utakwera katatu. Zimenezo zimathera ku Area 47. Zotsatira ndi zathu za pamulu. Zotsala zimatsika mtengo madzulo, wogulitsa akukuwa mawu atasasa, ndipo zokanikiratu zimakwera lole kupita ku misika ya pasabata, ku Mitundu, ku Nsundwe, ku Mponela. Belo limodzi limavala anthu atatu okhala malo atatu, ndipo ukawaimika pamodzi sungakhulupirire kuti zovala zawo zinagona m'thumba limodzi. Ndicho chifukwa chake agogo a kumudzi amavala sikipa yolembedwa za mpikisano wothamanga wa sukulu ina ya ku America. Sanaisankhe chifukwa cha mawuwo. Ndi imene inafika.

Masiku ano ngakhale mulu wavuta. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa belo unathawa, mpaka mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika anayenda ulendo wa ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula. Chovala cha osauka chasanduka choganizira kawiri. Ine ndabwerera kumene mayi anga anandisiya, kwa telala.

Telala wanga amakhala pakhonde la golosale ina ku Area 25, makina ake ndi opalasa ndi phazi, poti a magetsi amagona magetsi akathima. Ndi bambo wachikulire, tepi m'khosi, choko kukhutu. Tsiku lina ndinamupititsira chitenje cha ukwati wa mnzanga wa kuntchito, pamodzi ndi chithunzi cha pa Facebook: mkazi wa ku Lagos atavala diresi lothina mpaka m'maondo, m'munsi litatambasuka ngati mchira wa nsomba. Anayang'ana foniyo nthawi yaitali, akuikulitsa ndi zala.

"Ukwatiwu uli kuti, mayi?"

Ndinamuuza.

"Mukapita pa chiyani?"

Ndinati pa kabaza mpaka pa siteji, kenako minibasi.

"Mayi awa a pachithunziwa ali ndi galimoto, ndiponso ali ndi wowatsegulira chitseko. Inu mwendo mudzaukweza bwanji pa njinga?"

Ndinakwiya pang'ono, koma ananena zoona. Anandisokera lofanana nalo, koma anang'amba kumbuyo n'kubisa mng'aluwo ndi kapinda, analifupikitsa kuti lisasese fumbi, n'kuika thumba m'mbali losaoneka, loti ndiikemo ndalama za perekaniperekani. Kuyambira pamenepo ndinaona kuti iye asanatenge tepi amafunsa mafunso awiri omwewo kwa aliyense: mukavalira kuti, mukapita pa chiyani. Wa ku tchalitchi amamuphimba mapewa. Wopita ku Mzuzu kapena ku Dedza amamuikira mikono yaitali ndi nsalu ina mkati. Wa ku Salima amamuuza kuti asiye za layini, adzapsa. Anthu amatchula mayina a okonza mafashoni, ndipo alipo aluso ndithu monga Lilly Alfonso, koma amene akuveka mzindawu tsiku ndi tsiku ndi azibambo a pakhonde amenewa. Masitayilo a ku Nigeria, ku Congo ndi ku Joni amalowa pafoni, n'kutuluka pa makina awo atawetedwa kuti akwere kabaza.

Boma litakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi mu 2016 n'kulimbikitsa ogwira ntchito m'boma kuvala zosokedwa konkuno Lachisanu, matelala a mu Lilongwe anasimba lokoma. Amuna amene ankati chitenje n'cha akazi anayamba kusoketsa mashati. Chondiseketsa n'choti nsalu zambiri zimene timazitcha zathuzo zimalowa kuchokera ku Tanzania, Zambia, India ndi China. Amene anafikako ku msika wa Taifa ku Mzuzu akudziwa kuti dzina lokhalo likunena kumene katundu amachokera. Chathu pa chovala cha Lachisanu ndi msoko.

Za kumpoto ndimangozimva kwa anzanga ndi kuona pamaulendo. Atonga a ku Nkhata Bay amatchuka ndi kutchena, ndipo eni ake sakana, amanyadira. Anthu amati zinayamba ndi sukulu za mishoni ndi maulendo a kukagwira ntchito ku Halale ndi ku Joni, kumene ankabwerako ndi masuti m'mabokosi achitsulo. Ulendo wa Wenela, wa kumigodi ya ku Joni, unaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, koma njira ya ku Joni sinatsekeke. Pitani ku Mzimba kapena ku Mangochi mu Disembala, muone anyamata otsika mabasi a ku Johannesburg, nsapato zamasewera zoti mbee, zipewa, majekete achikopa dzuwa likuswa mtengo. Chaka chotsatira mudzi wonse wa anyamata umafuna kuoneka choncho. Ku Mangochi komweko Lachisanu masana msewu umayera ndi mikanjo ndi mizuli, amayi ataphimba kumutu. Mnzanga wina Mkhristu amene anagwira ntchito kumeneko zaka zitatu anabwerako akufunda mpango paphewa. Palibe anamuuza. Anati ankangodziona ngati wavula.

Mawu akewo ndi amene amandifikitsa pa chinthu chimene chimaposa nyengo, fumbi ndi kabaza: maso a anthu. Mu Januwale 2012 mavenda ena mu Lilongwe anayamba kuvula akazi ovala mabuluku ndi masiketi aafupi, ndipo zinafalikira ku Mzuzu ndi ku Blantyre. Zaka pafupifupi 20 lamulo litathetsedwa. Amayi anasonkhana ku Blantyre kutsutsa zimenezi, ambiri atavala mabuluku dala, Joyce Banda ali pomwepo ngati wachiwiri kwa pulezidenti, ndipo Bingu wa Mutharika ananena pa wailesi kuti akazi ali ndi ufulu wovala zimene akufuna. Chondipweteka chinali choti mabuluku amene ankativula aja tinkagula kwa mavenda omwewo. Sabata imeneyo ndinkamanga chitenje ndisanatsike minibasi ku depoti, manja akunjenjemera. Munthu wondiona akanati ndi mayi waulemu. Sunali ulemu, anali mantha.

Ndiye pamene mwana wanga anandifunsa za chikwangwani, chimene chinandisowetsa mtendere n'chakuti chitenje cha pa Mponela ndi cha ku depoti chija chimamangidwa mofanana. Ndimadziuza kuti cha pa Mponela n'chaulemu, ndipo mbali yaikulu n'zoona. Kumudzi ndimakhala pamphasa, ndimagwada popereka madzi kwa apongozi aamuna, ndimawerama pamoto, ndimasenza ndowa. Jinzi siinapangidwire moyo wapansi. Chitenje chimandipatsa ufulu wokhala mmene ndafunira osaganiza za amene ali kumbuyo kwanga, ndipo chikada ndimachitembenuza. Pamaliro, kaya ndi ku Ntchisi kaya ku Area 10, sindingapite opanda chitenje ndipo sindifuna n'komwe. Pamenepo bwana wamkazi wa ku banki ndi wogulitsa tomato amakhala pansi limodzi osasiyanitsika, ndipo ndimaona kuti n'chinthu chabwino. Chimodzimodzi yunifolomu ya Mvano, bulauzi yoyera, duku loyera ndi siketi yakuda: ndi chovala chokhacho chimene ndimachidziwa chodutsa pa Mponela osasintha kanthu.

Koma sindinama kuti zonse n'zokoma. Bambo a kunyumba amadutsa pa Mponela pomwepo atavala kabudula ndi sikipa ya Arsenal, n'kukafika kwa mayi awo choncho, n'kulandiridwa ndi nthungululu. M'chikwama mwawo mulibe nsalu yodikira malire. Ulemu wa banja lonse unaikidwa m'chiuno mwa ine. Nditawauza zimenezi anaseka, n'kunena kuti, "Amake mwana, inu mwayamba ndale." Mwina ndayambadi.

Chimene ndaona n'choti malirewo akuyenda. Ulendo wanga woyamba ngati mtengwa, mu 2011, ndinanyamuka ku Area 25 nditavala kale chilundu chathunthu, duku kumutu, ngati ndikupita kukalandira mphoto. Patapita zaka ndinayamba kumangira pa Lumbadzi. Kenako pa Mponela. Pano pa Mponela pomwepo atsikana ogulitsa mayunitsi ndi otumiza ndalama pafoni amavala majinzi tsiku lonse, ndipo amene timamanga ndife odutsa, a m'tauni, oopa kunenedwa. Mwana wanga tsiku lija anakana kumanga pa siteji. Anakwera njinga chitenje chili paphewa, n'kukamangira pa mjigo, nyumba ya agogo ake ikuoneka. Malire ake ali pamenepo. Sindinalimbane naye.

Tinagona masiku anayi. Ntchisi ndi kumtunda, ndipo mmawa wa mu Ogasiti mphepo yake imaluma. Tsiku lachiwiri ndinadzuka kusanache kuti ndikoleze moto wa madzi osamba, ndisanenedwe kuti mtengwa wa m'tauni amagona mpaka dzuwa. Ndinapeza apongozi anga anditsogolera kale kukhitchini, akusonkhezera zitsononkho. Atawerama kuti auzire moto, chitenje chinakwera pang'ono, ndipo kunsi kwake kunatuluka miyendo iwiri ya buluku lamasewera labuluu, la mizere itatu m'mbali, lopindidwa kawiri pa akakolo. Ndinalizindikira. Linali la mwana wawo, limene ndinalifunafuna nyumba yonse zaka ziwiri zapitazo mpaka kukayikira mtsikana wantchito.

Anaona kuti ndaona. Sanatsitse chitenje. Anakhala pa kampando, n'kutambasula miyendo chakumoto.

"Apongozi, zinthu izi n'zofunda," anatero. "Kumunda mmawa udzu sundicheka, ndipo nyerere sizikwera. Anzanga a ku Mvano atatu ali nawo."

Ndinafunsa ngati abambo akudziwa.

"Adziwa bwanji, amayang'ana kunsi kwa chitenje changa masiku ano?" Anaseka mpaka kutsokomola ndi utsi. Kenako anatsitsa mawu, poti mdzukulu wawo anali atayamba kutakataka m'nyumba. "Mukadzabweranso mundigulireko lina kumsika wanu uja wa kumtsinje. La ubweya mkati. Koma lisakhale lofiira."

Ndinawafunsa saizi. Anati sadziwa za manambala, n'kudula kachingwe ka thumba la feteleza, kudziyeza nako m'chiuno, kumanga mfundo pamene pathera, n'kundipatsa. Kachingweko kali m'chikwama mwanga, kokulungidwa m'chitenje chija, kudikira Loweruka limene adzatsegule belo la mabuluku.